Mbava yosasiya phazi pamchenga

Ife a m'mbali mwa nyanja tidakula tikudziwa kuti wakuba amasiya phazi. Munthu akaba ukonde pagombe usiku, kapena akatapa usipa pathandala la mnzake, kukacha amuna ankaweramira pamchenga n'kuyamba kulondola. Phazi likalowera kumpoto, a kummwera ankapuma. Mchenga uja unkagwira ntchito ziwiri, ngakhale kuti ife tinkaona imodzi yokha: unkaloza wolakwa, komanso unkamasula anthu ena onse amene phazilo silidalowere kwawo. Lero chuma cha mabanja ambiri chidachoka kunsi kwa mphasa ndi m'mfundo ya chitenje, chidalowa mufoni, ndipo wakuba wa mufoni saponda pamchenga. Akaba, mudzi wonse umatsala wosamasulidwa. Kuyambira mwezi wa Shaabani chaka chatha ndakhala ndikudzifunsa kuti Msilamu azitani ndi mkwiyo wake pamene waberedwa koma palibe phazi loti alondole, pakuti mkwiyo wotere sukhalitsa usadapeze munthu woti umugwere.

Ndiyambe ndi zimene zidachitika pakhomo pathu. Azakhali anga, mlongo wawo wa malemu bambo, amagulitsa usipa wouma. Qur'an amaiwerenga mosadodoma, koma zilembo za mufoni zimawazunguza mutu. Chimene amadziwa ndi manambala basi. Mwana wawo wamwamuna ali ku Joni, amagwira ntchito m'sitolo ku Durban, ndipo Ramadhani itayandikira adawatumizira K240,000 kuti agule malata amene adatsala ndi chakudya cha mwezi wa swaumu. Ndalamazo zidalowa mufoni Lachiwiri. Loweruka m'mawa azakhali adapita kwa ejenti kukatapa, ndipo adauzidwa kuti mwatsala ndalama zosakwana K2,000. Adakhala pansi pakhonde la golosale pomwepo, osalira, osayankhula, mpaka mwana wina adathamanga kudzandiitana.

Odziwa nambala yachinsinsi ya foniyo anali atatu: azakhali eni ake, mdzukulu wawo wa zaka 16 amene amagona m'nyumba momwemo, ndi ejenti uja, yemwe ankawadinira manambala nthawi zonse akapita kukatapa. Dzuwa lisadalowe, banja lathu linali litagamula kale mlandu. Mdzukulu ndi magazi athu, azakhali sangadzibere okha, ndiye watsala ndani? Ejentiyo ndi mnyamata wobwera, kwawo ndi kumtunda, ndipo pamudzi pano alibe mbale woti angamuyankhulire. Ine amene ndikulemba nkhaniyi sindidanene kuti waba. Ndidanena chinthu choipa kuposa pamenepo, chifukwa chidali chovala ulemu. Lachisanu lotsatira, titatuluka mumzikiti, ndidauza amuna anayi kapena asanu kuti: “Ine sindikuti waba, koma musamale naye.” Mawuwo adayenda ngati mwera, ndipo pasanathe sabata amayi ogulitsa nsomba adayamba kukwera kabaza kukatapa ndalama zawo kwa ejenti wa kutali.

Mnyamatayo atamva, adapita kwa shehe wathu n'kupempha kuti alumbire pamaso pa anthu atagwira Msahafu. Shehe adakana. Adamukumbutsa, ndipo adatikumbutsa ife, dongosolo limene Chisilamu chidaika pa milandu: wodandaula ndiye amabweretsa umboni, ndipo lumbiro la wokana limabwera pambuyo, umboni ukasowa. Kenako adatifunsa kuti umboni wathu uli kuti. Tidati ejenti amadziwa nambala yachinsinsi. Shehe adati kudziwa pamene pabisidwa kiyi si kutsegula chitseko, ndipo adatituma kuti tikatenge kaye chikalata cha kampani chosonyeza mmene ndalama zidayendera. Tidatuluka mitu ili pansi. Tidali titatha masiku khumi tikufufuza m'mitima ya anthu, pomwe pepala loti tiwerenge linalipo.

Pano ndiyenera kukonza mawu anga oyamba aja. Wakuba wa mufoni amasiya phazi ndithu, kungoti mchenga wake uli ku kampani. Ndalama iliyonse yotuluka mu akaunti imalembedwa: tsiku lake, ola lake, kuchuluka kwake, nambala imene yalandira, ndi nambala yapadera ya kutumizako. Airtel Money idayamba m'dziko muno mu 2012, Mpamba idatsatira mu 2013, ndipo amene akukumbukira nthawi imene ndalama za ku Joni zinkabwera m'thumba la dalaivala, kapena imene wogulitsa nsomba ankagona ku Limbe atamanga ndalama m'chiuno, sanganyoze njira zatsopanozi. Mu 2017 boma lidalembetsa nzika zake ndi kuyamba kupereka ziphaso, ndipo mu 2018 bungwe la MACRA lidalamula kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Lamulo lolanga umbava wa pamakina, lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, lilipo kuyambira 2016. Zolembedwa zilipo, ndipo mwini akaunti ali ndi ufulu woziona. Ife amene aya yaitali kuposa zonse mu Qur'an, ya 282 mu Surat Al-Baqara, imatiphunzitsa kulemba ngongole ndi kuika mboni, tidayenera kukhala oyamba kufunsa zolembedwa.

Ku ofesi ya kampani ku boma, azakhali ataonetsa chiphaso chawo cha unzika, adatisindikizira pepala. Padali mizere itatu. Woyamba udali wa K8,000, yotuluka Lachitatu cha m'ma 9:40 usiku, kupita ku kampani ya njuga zampira. Iwiri inayo idali ya K150,000 ndi K78,000, yotuluka Lachisanu nthawi ya 12:35 ndi 12:41 masana, kupita ku nambala imene palibe mwa ife adaidziwa. Nditaona ola limenelo thukuta lidandituluka. Lachisanu limenelo pa nthawi imeneyo ejenti uja anali mumzikiti, pa safu imodzi ndi ine, ndipo ndikukumbukira bwino chifukwa ndidafika mochedwa iye n'kundisunthira kuti ndipeze malo. Foni idali kunyumba ndi azakhali. Mboni yoyamba ya munthu amene ndidamuipitsira mbiri ndinali ine ndemwe.

Pobwerera, galimoto itawoloka mlatho wa pa Shire, azakhali adandigwira mkono. “Mwanangu,” adatero motsitsa mawu, “Lachisanu lija kudaimba munthu.” Munthuyo adawatchula dzina, adati ndi wa ku kampani, ndipo adawauza kuti ndalama zochokera kunja zibwerera kumene zachokera ngati satsimikiza akaunti yawo tsiku lomwelo. Adawawerengera manambala mmodzimmodzi, iwo akudina, mpaka pomaliza adadina nambala yawo yachinsinsi. Adachita zimenezi kawiri. Adawauzanso kuti kubwera mauthenga otsimikiza, asavutike nawo. Dzina sichinthu chovuta kupeza, pakuti limaoneka munthu akayesa kutumiza ndalama ku nambala ya mnzake. Za mwana wa ku Joni sadafunike kuzidziwa. Kunyanja kuno nyumba zokhala ndi mwana ku Joni n'zambiri, ndipo woponya mbedza yotere amangoponya. Azakhali poyamba sadalumikize foni ija ndi kusowa kwa ndalama. Atadzalumikiza, dzina la ejenti linali litatchulidwa kale, ndipo manyazi adawatseka pakamwa. “Ndidaopa kuti munditi chitsiru,” adatero.

Apa m'pamene pali funso limene lili lolemera kuposa mmene likuonekera. Kodi ndalama zimenezi zidatuluka mwa chilolezo cha mwini wake kapena ayi? Kampani idatiyankha mwaulemu kuti makina ake adaona simukhadi yoyenera ndi nambala yachinsinsi yoyenera, choncho kwa iyo kutumizako kudali kololedwa. Sindikuti idanama. Makina amadziwa chala, sadziwa mtima. Koma Chisilamu chidamanga kusinthana kwa chuma pa chinthu chimene makina sangachione, chomwe ndi kukhutira kwa mwini. Aya ya 29 mu Surat An-Nisaa imaletsa kudyerana chuma mwachinyengo, ndipo imaloleza malonda amene mbali zonse zagwirizana mwa kufuna kwawo. Munthu amene wadina manambala akukhulupirira kuti akuteteza ndalama zake sadafune kupereka kanthu kwa wina aliyense. Chala chake chidagwiritsidwa ntchito monga momwe wakuba angagwiritsire ntchito makwerero amene wawapeza pakhomo. Pamaso pa Allah, Subhaanahu wa Ta'aala, mwini K228,000 ija akadali azakhali, ngakhale ndalamazo zidutse m'manja khumi, ndipo amene adazitenga azisenza mpaka atazibweza kapena atakhululukidwa ndi mwini wake.

Ndikunena izi chifukwa oberedwa mwanjira imeneyi amadziimba mlandu okha, ndipo achibale amawathandiza kutero. Timati: “Inunso, mudadiniranji?” Mawu amenewa ndi amene amachititsa kuti gogo abise foni imene adalandira, maola oyamba amene kampani ikadatha kutseka akaunti ya wakuba n'kudutsa. Ndalama za azakhali zidatapidwa m'boma lina pasanathe ola limodzi, choncho mwina sizikadapulumuka. Koma masiku khumi a chete aja adagwetsa munthu wina wosalakwa. Manyazi ayenera kukhala ndi wonyenga. Wonyengedwa amangofunika kuphunzitsidwa, ndipo mphwayi yaikulu pa nkhani imeneyi idali yathu ife ana, amene timapatsa makolo athu foni, timaikamo ndalama za malata a nyumba yonse, koma osakhala nawo pansi ngakhale madzulo amodzi kuwauza kuti wa ku kampani weniweni safunsa nambala yachinsinsi, ndiponso kuti munthu sadina manambala owerengeredwa ndi mlendo. Nambala yachinsinsi ya azakhali idali chaka chimene mwana wawo adabadwa. Ndidawasankhira ndine.

Nanga kampani ilibe gawo? Mu fiqhi ya Imamu Shafi'i, imene ambiri a ife kunyanja kuno timatsata, munthu wosungitsidwa katundu salipira katunduyo akatayika, pokhapokha atapyola malire amene adapatsidwa kapena atachita mphwayi posunga. Lamulo limeneli likadateteza ejenti wathu tikadalikumbukira, ndipo limatetezanso kampani pamene mwini wake watsegula yekha chitseko. Komabe ma ulama ali ndi mfundo ina yakuti wodya phindu la chinthu asenzenso zovuta zake. Kampani imene imadula kangachepe pa ndalama iliyonse yotumizidwa, ndipo ikudziwa kuti ena mwa anthu ake sawerenga, siingakhutire ndi chenjezo lolembedwa. Maganizo anga ndi akuti chenjezo liyenera kumveka ndi makutu, m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndipo munthu akadandaula, nambala ya wakuba itsekedwe ola lomwelo. Woberedwa aimbire kampani nthawi yomweyo, asinthe nambala yachinsinsi, asafufute uthenga uliwonse, atenge chikalata, akalembetse kupolisi, ndipo ngati dandaulo lake silikuyankhidwa, banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi ndiyo imayang'anira makampani otumiza ndalama ndipo imalandira madandaulo. Kutsata njira zimenezi si kukonda milandu. Ndi kulondola phazi pamchenga umene lilipo.

Ife tidakalembetsa kupolisi, ndipo patapita milungu tidamva kuti nambala ija idalembetsedwa ndi chiphaso cha gogo wina amene sadziwa n'komwe kuti pali foni ya m'dzina lake. Nditamva zimenezi ndidakumbukira nkhani imene akatswiri a tafsiri amasimba pofotokoza aya za 105 mpaka 112 mu Surat An-Nisaa. Munthu wina wa ku Madina, Tu'ma ibn Ubayriq, adaba chovala cha nkhondo chimene chidali m'thumba la ufa. Thumbalo linali lobooka, ndipo ufa udasiya mzere m'njira. Iye adakasungitsa katunduyo kwa Myuda wina, kotero kuti olondola adakaupeza m'nyumba ya munthu wosalakwa. Abale ake a Tu'ma adapita kwa Mtumiki Muhammad, Swallallahu alaihi wasallam, kukaikira kumbuyo m'bale wawo, ndipo Allah adavumbulutsa aya zoyeretsa Myudayo ndi kuchenjeza za tchimo la munthu wochita choipa n'kuchiponyera kwa wosalakwa. Nkhaniyi ndidaiphunzira ku madrasa ndili mwana, ndipo nthawi zonse ndinkadziika kumbali ya oberedwa. Tsopano ndidaona kuti ngakhale mzere wa ufa ukhoza kulowera kunyumba yolakwika, ndiponso kuti pa mlandu wathu banja langa lidaima pamene adaima abale a Tu'ma. Iwo adateteza wawo pounjika mlandu pa munthu wopanda fuko lomuyankhulira. Ifenso tidatero.

Pakuti mzere woyamba uja, wa K8,000, sudafunike apolisi. Lachitatu usiku foni idali m'nyumba, ndipo m'nyumbamo munali anthu awiri. Mdzukulu sadakane. Adati ankafuna kubweza akapambana, monga amanenera onse amene njuga yawagwira, ndipo n'chifukwa chake Qur'an mu Surat Al-Maaida idaika njuga pamodzi ndi mowa. Chimene chidandidabwitsa ndi mmene banja lathu lidasinthira mawu. Anthu omwe aja amene adafalitsa dzina la ejenti popanda umboni adayamba kunena kuti: “Ndi mwana uyu, zisamveke kunja.” Wa kunja tidamulengeza tilibe pepala, wathu tidamubisa pepala lili m'manja.

Sindikutsutsa kubisa. Kuphimba cholakwa cha Msilamu mnzako ndi khalidwe limene Mtumiki, Swallallahu alaihi wasallam, adalilimbikitsa, ndipo mnyamata wa zaka 16 amene mudzi wamutcha wakuba akhoza kukula ndi dzinalo mpaka kulikhulupirira. Ngakhale mu fiqhi, chilango chokhwima cha wakuba sichigwa pa mwana kapena mdzukulu amene watenga chuma cha kholo lake, ngakhale kuti tchimo limakhalapo ndipo chotengedwacho chiyenera kubwezedwa. Koma chofunda chimene mukufunditsa m'bale wanu chisakhale chimene mwavula munthu wina. Aya ya 135 mu Surat An-Nisaa yomweyo imatilamula kuimira chilungamo ngakhale chikutsutsa ife eni, makolo athu kapena abale athu. Tidagwirizana zoti dzina la mdzukulu lisatchulidwe pagulu, koma tinene poyera kuti gawo lina la ndalama lidatayikira m'nyumba momwemo. Iye adabweza K8,000 ija posoka maukonde a eni ake pa tchuthi, ndipo adaipereka m'manja mwa agogo ake ine ndikuona. Azakhali adailandira akulira, misozi imene sadagwetse tsiku la K228,000.

Pali chinthu china chimene mbava za mufoni zikutibera, chomwe sichilembedwa pa chikalata chilichonse. Zimawedza ndi nyambo ya ubwino wathu. Patapita mwezi, mufoni mwanga mudalowa uthenga wooneka ngati wa ndalama, ndipo nthawi yomweyo mayi wina adaimba akulira kuti walakwitsa nambala, ndalamazo n'za maliro, ndimubwezere chifukwa cha Mulungu. Msilamu amene adaleredwa pa chiphunzitso cha amana, choti chosungitsidwa chibwerere kwa mwini wake, mtima wake umathamanga kubweza, ndipo pamenepo m'pomwe pali mbedza. Ndidayang'ana kumene uthengawo wachokera, ndipo udachokera ku nambala wamba osati ku dzina la kampani. Ndidayang'ana ndalama zotsala mu akaunti, ndipo sipadaonjezeke tambala. Ndidadula foni. Koma patapita miyezi iwiri, K30,000 yeniyeni idalowa kuchokera kwa munthu wosamudziwa, bambo wina n'kuimba ndi mawu onjenjemera, ndipo chimene ndidamva mumtima mwanga chidandiopsa: ndidafuna kudula foni, ndipo ndidali ndi chifukwa chomveka chochitira zimenezo. Wonyenga woyamba uja adali atandipatsa chowiringula chodyera ndalama za munthu wachiwiriyu.

Ena amayerekeza ndalama zotere ndi chinthu chotola panjira. Chotola chili ndi malamulo ake mu Chisilamu: wotola amachisunga n'kuchilengeza kwa chaka chathunthu kuti mwini wake apezeke. Koma ndalama zolowa mufoni molakwika sizifika n'komwe pamenepo, chifukwa mwini wake akudziwika, nambala yake ili pa uthenga. Zili ngati mbuzi ya mnansi imene yalowa m'khola mwako. Njira yobwezera imene siika munthu pa ngozi ndi kuuza kampani kuti ibweze yokha kumene zachokera, pakuti nthawi zina wakuba amadutsitsa ndalama zobedwa mufoni ya munthu wosadziwa kanthu n'kumupempha kuti azitumize ku nambala yachitatu, ndipo mzere wa ufa umathera pakhomo pa wotumizayo. Ndidauza bambo aja kuti aimbire kampani, inenso ndidaimba, ndipo ndalama zidabwerera. Kusamala kotere sikuchepetsa amana. Chimene ndikuopa n'chakuti tikaberedwa kawiri katatu tidzayamba kuona wolira aliyense ngati wonyenga, ndipo tsiku limenelo mbava zidzakhala zitatenga chinthu chachikulu kuposa malata.

Panali achibale ena amene adatiletsa kupita kupolisi. Adati zidalembedwa, timusiyire Allah. Kuti zidalembedwa n'zoona, ndipo azakhali adanena mawu amene Msilamu amanena akagwa m'tsoka, mtima wawo n'kukhazikika. Koma Mtumiki, Swallallahu alaihi wasallam, atafunsidwa ndi munthu wina ngati amange ngamira yake kapena aisiye n'kudalira Allah, adamuuza kuti achite zonse ziwiri, kuyambira ndi kumanga. Kukhululukira wakuba ndi ufulu wa azakhali, ndipo akafuna angatero pakati pa iwo ndi Mbuye wawo. Kusiya nambala ija ikugwirabe ntchito si ufulu wawo, chifukwa Lachisanu lotsatira idzaimbira gogo wina ku Makanjira kapena ku Nkhotakota pa ola limene amuna ali kumzikiti. Akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Mwana wa ku Durban uja ndidamuimbira ndine, chifukwa mayi ake adafuna kumubisira. Adakhala chete nthawi yaitali, kenako adafunsa ngati mayi akudya.

Zotsala zidali zanga. Ma ulama amasiyanitsa machimo a pakati pa munthu ndi Allah ndi machimo a pakati pa munthu ndi mnzake. Oyambawo amafafanizidwa ndi tauba yoona, pomwe achiwiriwo amafuna kuti choyamba ubweze chimene udatenga. Mu Sahih Muslim muli hadithi yofotokoza za munthu amene adzafike Tsiku la Kiyama ndi swala, swaumu ndi zakaati, koma atatukwana uyu, atanamizira uyo, atadya chuma cha wina, ndipo zabwino zake zidzagawidwa kwa iwo mpaka kutha. Nthawi zonse ndikamva hadithi imeneyi ndinkaganiza za anthu onga munthu wa pafoni uja. Koma ngongole yake ili ndi nambala, K228,000, ndipo akadzalapa adzadziwa choti abweze. Yanga ilibe nambala. Sindingawerenge amayi amene adasiya kutapa kwa ejenti uja, kapena usiku umene adagona akudziwa kuti anthu amene amaswali nawo akumuona ngati mbava. Surat Al-Hujuraat imatichenjeza za kuganizirana zoipa ndi kujedana mu aya imodzi, ya 12, ndipo tsopano ndikuona chifukwa chake ziwirizi zidakhala pamodzi: ganizo silikhalitsa mumtima lisadatulukire pakamwa. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata.

Shehe adandiuza kuti popeza mnyamatayo adamva zimene ndidanena, kupempha chikhululuko kwa Allah kokha sikukwanira. Ndiyenera kupita kwa iye, ndiponso ndikonze mawu anga pamalo pomwe ndidawanenera. Choyamba chidali chopepuka. Chachiwiri ndidachizengereza Lachisanu liwiri. Pa lachitatu, swala itatha, ndidapempha anthu kuti asatuluke msanga. Ndidanena kuti ndalama za azakhali zidabedwa ndi munthu wa kutali kudzera pafoni, kuti gawo lina lidatayikira m'nyumba mwathu, kuti ejenti sadakhudzepo tambala, ndipo kuti pa ola la kubako anali pambali panga pa safu. Ndidanenanso kuti amene adayambitsa mawu oti anthu amusamale ndine. Ena adagwedeza mitu. Ena anali atayamba kale kufunafuna nsapato zawo. Amene adamva kukonzako anali ochepa poyerekeza ndi amene adamva kunamizira, pakuti amayi a kuthandala aja sadali mumzikitimo, ndipo uthenga wabwino suthamanga ngati woipa.

Mnyamatayo adandigwira chanza panja. Adati: “Ndamva, bambo.” Sadanene kuti wandikhululukira, ndipo sindidamukakamize. Ena mwa anthu ake adabwerera, ena adazolowera kutali.

Azakhali adadikira mpaka Idi itadutsa. Tsiku lina m'mawa adadzaza beseni laling'ono ndi usipa wosankha, adavala buibui lawo, n'kupita okha ku golosale kuja. Zimene adakambirana sadandiuze, koma beseni lidabwera lopanda kanthu. Mwezi wotsatira mwana wawo atatumizanso ndalama, ndidawaperekeza kukatapa. Tidali titasintha nambala yachinsinsi, ndipo azakhali adailoweza monga amalowezera aya. Itafika nthawi yodina, adatambasula dzanja kupereka foni kwa ejenti monga ankachitira kale. Iye adaibweza ndi manja awiri. “Dinani nokha, amayi,” adatero, ndipo adatembenuka kuyang'ana kunyanja mpaka atamaliza.